Mmene mungalondolere nyenyezi ya mchira muli ku Kasungu

Nyenyezi ya mchira yowala kwambiri, yoti ngakhale mwana n'kuiloza ndi chala, imabwera patalipatali. Ya McNaught inaoneka mu Januwale 2007, ya Tsuchinshan–ATLAS mu Okutobala 2024, ndipo ya Halley yomwe akuluakulu anaiona mu 1986 idzabweranso mu 2061. Koma pafupifupi chaka chilichonse kumadutsa ina yofowoka, yoti maso okha saigwira koma bayinokula wamba imaiona, ndipo imeneyo mukhoza kuilondola kwa milungu kapena miyezi, kuyambira ikadali kutali mpaka itazungulira dzuwa n'kubwerera kwawo. Kuno ku Kasungu tili ndi mdima weniweni, womwe anthu a m'mizinda ikuluikulu amachita kuuyendera ulendo. Mukangotuluka m'tauni kulowera cha ku Mtunthama, ku Santhe kapena ku Chulu, Mlalang'amba umaoneka wonse kuchokera mbali ina ya thambo kukafika mbali inayo. Zimandiwawa kuti mdima umenewu timangougonera.

Chomwe mukulondolacho ndi chibuluma cha madzi oundana, fumbi ndi miyala, kawirikawiri chachikulu makilomita ochepa chabe. Chikamayandikira dzuwa chimatenthedwa, mpweya ndi fumbi n'kumatuluka, ndipo zimenezi ndi zomwe zimapanga mutu woyerayo ndi mchira. Zida zake si zambiri: bayinokula ya 7x50 kapena 10x50 (nambala yoyamba ndi mmene imakulitsira zinthu, yachiwiri ndi kukula kwa galasi lakutsogolo m'mamilimita), kope, pensulo, tochi, wotchi yolondola ndi foni yokhala ndi kabandulo ka intaneti. Pa zonsezi chofunika kwambiri ndi kope. Foni idzakuuzani pomwe nyenyeziyo ikuyenera kukhala, koma zomwe ikuchitadi usiku umenewo mudzaziona ndinu, ndipo mukapanda kulemba zathera pomwepo.

Choyamba, sankhani imodzi

Musayambe ndi kuyang'ana kumwamba. Yambani ndi mndandanda. Tsamba la aerith.net la Seiichi Yoshida wa ku Japan limaika nyenyezi za mchira zomwe zikuoneka sabata iliyonse, ndipo lili ndi mndandanda wapadera wa anthu okhala kumwera kwa ikweta, komwe ndi kwathu kuno. Masamba a TheSkyLive ndi COBS nawonso amathandiza. Fufuzani yomwe nambala ya kuwala kwake, yomwe amailemba kuti magnitude, ili 8 kapena yocheperapo. Nambala ikachepa ndiye kuti ikuwala kwambiri. Ikakhala 10 kapena 11, isiyeni kaye pokhapokha muli ndi telesikopu.

Lembani dzina lake lonse pa tsamba loyamba la kope, chifukwa mayina ake amasokoneza. Zambiri zimatchedwa ATLAS chifukwa zinapezeka ndi matelesikopu a dzina limeneli, ndipo imodzi mwa matelesikopuwo ili ku Sutherland ku South Africa. Chosiyanitsa ndi zilembo ndi manambala. Titenge C/2023 A3, yomwe ndi Tsuchinshan–ATLAS ija. Chilembo C chikutanthauza kuti njira yake ndi yaitali, yotenga zaka zoposa 200, mwinanso yosadzabwererako. Ikakhala P, ngati 1P/Halley kapena 12P/Pons–Brooks, ndiye kuti imabwerabwera. 2023 ndi chaka chomwe inapezeka. A ndi theka loyamba la Januwale, B theka lachiwiri, C theka loyamba la Febuluwale, mpaka chaka chithe, kungodumpha chilembo I. Ndiye 3 akuti inali yachitatu kupezeka m'masiku amenewo. Mukamafufuza pa intaneti lembani zimenezi ndendende, apo ayi mudzalondola C/2024 G3, yomwenso imatchedwa ATLAS, mukuganiza kuti ndi inzake.

Chachiwiri, imvetseni njira yake

Apa khalanipo pang'ono, chifukwa mukamvetsa njira zina zonse zimapepuka. Tengani zikhomo ziwiri muzikhome pabwalo motalikirana mapazi awiri. Mangani chingwe chozungulira zikhomo zonse ziwiri, chokhala ndi mpata wokwanira. Kokani chingwecho ndi kamtengo mpaka chikunge, ndipo jambulani pansi mozungulira osachilola kukhwepa. Chomwe chatulukacho ndiwo maonekedwe a njira ya chilichonse chozungulira dzuwa, ndipo dzuwalo lili pa chikhomo chimodzi, osati pakati. Mukayandikizanitsa zikhomo njirayo imabulungira. Mukazitalikitsa mpaka chingwe chitsale pang'ono kutha, imatalika n'kuwonda, mbali imodzi n'kudutsa pafupi kwambiri ndi chikhomo cha dzuwa.

Kutalika kumeneku amakulemba ndi chilembo e. Dziko lathu lili ndi e ya 0.017, njira yake ndi yobulungira ndithu. Ya Halley ndi 0.967. Ikafika 1 kapena kupitirira, njirayo sitsekeka, nyenyeziyo ikapita yapita. Yomwe inapezeka pa 1 Julayi 2025, 3I/ATLAS, inali ndi e yoposa 6, ndipo n'chifukwa chake akatswiri anadziwa msanga kuti yachokera kunja kwa dera la dzuwa lathu.

Manambala ena awiri oti muwakopere m'kope ndi q ndi T. Chilembo q ndi mtunda womwe idzayandikire dzuwa kwambiri, ndipo T ndi tsiku lake. Mitundayi amaiyeza ndi AU, kutanthauza mtunda wochoka pa dziko lathu kukafika kudzuwa, makilomita pafupifupi 150 miliyoni. Halley imafika 0.59 AU, kenaka imapita kutali mpaka 35 AU, komwe inakhotera mu Disembala 2023. Ikakhala pafupi ndi dzuwa imathamanga makilomita oposa 50 pa sekondi, koma kutali kuja siikwanitsa n'komwe kilomita imodzi pa sekondi. Zimenezi mudzaziona nokha m'kope lanu. Miyezi yoyamba nyenyezi yanu idzakhala ngati yaima, kenaka m'milungu yoyandikira T ikhoza kuyamba kudumpha madigiri angapo usiku uliwonse.

Musatengeke ndi nkhani zoti kukubwera nyenyezi ya mchira yaikulu kuposa zonse musanaone q yake. C/2014 UN271, yomwe Pedro Bernardinelli ndi Gary Bernstein anaipeza m'zithunzi zojambulidwa ku Chile, ndi yaikuludi, makilomita oposa 100. Koma mu Januwale 2031 idzangofika pafupifupi 11 AU, kuseri kwa njira ya Saturn, ndipo bayinokula siidzaigwira. Madzi oundana amayamba kusanduka nthunzi mwamphamvu nyenyezi ikalowa mkati mwa 3 AU. Kupitirira pamenepo zomwe zimatuluka ndi mipweya ina yosachedwa kusungunuka, ndipo kuwala kwake kumakhala kochepa. Hale–Bopp inali yapadera. Alan Hale ndi Thomas Bopp anaipeza pa 23 Julayi 1995 ili cha pa 7 AU, kuseri kwa Jupiter, ikuoneka kale m'matelesikopu a anthu wamba, ndipo itafika pafupi ndi dzuwa pa 1 Epulo 1997 inawala zedi. Yotere siichulukachuluka.

Chachitatu, pezani pomwe ili usiku uno

Thambo lili ndi manambala ake olozera malo. Declination, yomwe amaifupikitsa kuti Dec, imanena kuti chinthu chili madigiri angati kumpoto kapena kumwera. Chizindikiro chochotsera ndi kumwera. Right ascension, kapena RA, imayenda kuchokera kumadzulo kupita kum'mawa ndipo amaiwerenga m'maola, kuyambira 0 mpaka 24. Kasungu ili madigiri 13 kumwera kwa ikweta, choncho chinthu chokhala pa Dec −13 chimadutsa paliwombo penipeni. Kuti mudziwe mmene nyenyezi yanu ingakwerere, pezani kusiyana kwa Dec yake ndi −13, ndipo chotsani pa 90. Ikakhala pa +40, kusiyana ndi 53, ndiye idzakwera madigiri 37 chakumpoto. Ikakhala pa −60, kusiyana ndi 47, idzakwera madigiri 43 chakumwera. A ku Mchinji gwiritsani ntchito −14. Malo athu ndi abwino chifukwa timaona thambo lonse la kumwera ndi gawo lalikulu la kumpoto.

Manambala a tsiku ndi tsiku muwatenga pa JPL Horizons, tsamba la NASA. Lembani dzina la nyenyeziyo, ikani malo anu monga latitude −13.0 ndi longitude 33.5 kum'mawa, sankhani masiku ndi mpata wa tsiku limodzi. Mudzalandira mzere wa tsiku lililonse wokhala ndi RA, Dec, kuwala koyembekezeka, r womwe ndi mtunda wake kuchokera kudzuwa, ndi delta womwe ndi mtunda wake kuchokera kwa ife. Onaninso kuti yatalikirana ndi dzuwa madigiri angati pathambo, zomwe amazitcha elongation. Akachepera 30, idzabisala m'kuwala kwa chisisira kapena kwa mbandakucha ndipo idzavuta. Koperani mizere ya sabata yonse m'kope kuti netiweki ikavuta kumudzi musasowe pogwira.

Mapu ake ndi Stellarium, pulogalamu yaulere. Pa kompyuta lowani ku Configuration, kenaka Plugins, kenaka Solar System Editor, n'kusankha kukoka manambala a njira kuchokera ku Minor Planet Center, komwe ndi komwe amasunga kaundula wa zinthu zimenezi. Muzikokanso manambala atsopano pakapita milungu ingapo, chifukwa nyenyezi ikangopezeka kumene njira yake amaikonzabe anthu akamaiyeza mowonjezera.

Samalani ndi nthawi. Masambawa kawirikawiri amalemba UT, nthawi imodzi yomwe akatswiri a dziko lonse amagwiritsa ntchito, ndipo nthawi ya ku Malawi ili patsogolo ndi maola awiri. 7 koloko madzulo kwathu ndi 17:00 UT. Povuta ndi pakati pa usiku: 1 koloko usiku pa 6 Juni kuno ndi 23:00 UT pa 5 Juni, tsiku ladzulo lake. Lembani nthawi zonse ziwiri m'kope nthawi iliyonse.

Chachinayi, malo ndi nyengo

Miyezi yabwino ndi Meyi, Juni ndi Julayi, mvula itatha, fumbi lisanabuke. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala mitambo kulibe, koma utsi wa moto wa m'tchire ndi wa osaka mbewa umaphimba m'munsi mwa thambo, mwakuti dzuwa limalowa lili lofiira lisanafike n'komwe pa mitengo. Nyenyezi yofowoka yomwe ili pansi pa madigiri 20 imamira mu utsi umenewo. M'dzinja musataye mtima, chifukwa mvula ikagwa masana n'kukanganuka usiku, thambo limayera kuposa nthawi ina iliyonse.

Mwezi ndiye mdani wamkulu. Masiku abwino ndi omwe mwezi uli kumdima, sabata imodzi usanakhale ndi masiku ochepa utangokhala. Ukakula, onani nthawi yomwe ukutuluka kapena kulowa ndipo gwiritsani ntchito mpata womwe kulibe. Mu Juni dzuwa limalowa cha m'ma 5:30 madzulo, mu Disembala itangodutsa 6 koloko, ndipo mdima wokwanira umafika pakatha ola limodzi ndi mphindi zingapo.

Sankhani malo masana. Bwalo la mpira la kusukulu kapena munda wokolola kale ndi abwino, bola mbali yomwe kuli nyenyezi yanu kusakhale mitengo ya bulugamu kapena phiri. Khalani kutali ndi msewu wa M1, chifukwa galimoto imodzi yowalitsa nyale imakubwezerani m'mbuyo. Kudambo kumachita nkhungu ndi mame omwe amanyowetsa magalasi. Nyale za m'tauni zikhale kumbuyo kwanu. Ngati muli kufupi ndi malire a paki, musalowerere m'tchire usiku, njovu zimayenda. Ndipo chonde, auzeni a mfumu kapena anthu oyandikana nawo kuti mukhala panja usiku ndi chida choyang'anira kumwamba. Munthu woima m'munda pakati pa usiku amaganiziridwa zambiri. Ndi bwinonso kuwaitana adzaone nawo. Alipo akuluakulu omwe amati nyenyezi ya mchira ndi malodza, ndipo ndaona kuti mukawapatsa bayinokula n'kuwaonetsa tsiku lomwe inanenedweratu kuti idzafika pamenepo, macheza ake amakhala okoma. Valani jekete ndi nsapato zotseka. Juni wa ku Kasungu amazizira.

Chachisanu, ipezeni

Kutani tochi yanu ndi pepala lapulasitiki lofiira, mulipinde kawiri kapena katatu. Foni muiike pa kuwala kofiira komwe Stellarium ili nako, muichepetsenso mpaka pansi. Khalani mumdima mphindi 20 mpaka 30 maso azolowere, osayang'ana uthenga wa WhatsApp ngakhale umodzi.

Dzanja lanu ndi muyeso. Mukatambasula mkono, chala chakankombaphala chimaphimba digiri imodzi, chibakera madigiri 10. Mwezi wathunthu ndi theka la digiri basi. Yezaninso bayinokula yanu: Mtanda wa Kumwera ndi wautali madigiri 6, ndipo nyenyezi zitatu za Akamwiniatsatana zimatenga pafupifupi madigiri 3. Bayinokula zambiri za 10x50 zimaonetsa madigiri 6 kapena kuposa pang'ono, choncho Mtandawo umangokwana ndendende.

Pa mapu pezani nyenyezi yowala yomwe ili pafupi ndi malo a nyenyezi ya mchira, yoti mukuiona ndi maso. Lozani bayinokula pa imeneyo. Kuchokera apo yendani pang'onopang'ono, mukufananiza timagulu ta nyenyezi ta m'galasi ndi ta pa mapu, kaya ndi zitatu zopanga ngodya, kaya ziwiri zogundizana, mpaka mufike. Tsamiritsani zigongono pa khoma, pa chishalo cha njinga kapena khalani pa mpando wa ndalema, chifukwa manja akamanjenjemera chinthu chofowoka chimasowa.

Musayembekezere zomwe mumaona pa zithunzi za pa Facebook. Nyenyezi ya mchira ikadali kutali imaoneka ngati pamene chala cha ufa chakhudza nsalu yakuda, kadontho kotuwa kopanda malire enieni, nthawi zambiri kopanda mchira n'komwe. Ikakuvutani, musaiyang'ane mwachindunji. Yang'anani pambali pake pang'ono, chifukwa m'mbali mwa diso ndimo mumamva kuwala kofowoka. Kugwedeza bayinokula pang'ono kumathandizanso.

Ngati ili pafupi ndi dzuwa, dikirani dzuwa lilowe lonse musanakweze bayinokula. Kuliona dzuwa m'galasi ngakhale kamphindi kumaotcha diso, ndipo silichira.

Chachisanu ndi chimodzi, jambulani ndipo mubwerenso mawa

Kumwamba kuli timadontho totuwa tambiri tomwe si nyenyezi za mchira. Omega Centauri, kufupi ndi Mtanda wa Kumwera, ndi 47 Tucanae, pambali pa kamtambo kakang'ono ka Magellan (kachigamba kotuwa ka nyenyezi kooneka kumwera), ndi magulu a nyenyezi zambirimbiri zounjikana, ndipo m'bayinokula amanamiza. Charles Messier wa ku France analemba mndandanda wake wotchuka wa zinthu zoterezi kuti zisamamusokoneze posaka nyenyezi za mchira. Umboni weniweni ndi umodzi: yanuyo iyenera kusuntha.

Jambulani bwalo m'kope pogwiritsa ntchito kukamwa kwa kapu. Bwalolo ndi zomwe mukuona m'bayinokula. Ikani kaye nyenyezi zowala zisanu kapena zisanu ndi chimodzi m'malo mwake, zowala kwambiri madontho akulu. Kenaka pakani pensulo mopepuka pomwe pali nyenyezi ya mchira n'kufafaniza pang'ono ndi chala. Lembani komwe kuli kumadzulo. Ngati simukudziwa, gwirani bayinokula osaisuntha kwa mphindi zingapo, mbali yomwe nyenyezi zikulowera ndiko kumadzulo. Kuyenda kumeneko, kwa madigiri 15 pa ola, n'kwa thambo lonse chifukwa dziko likuzungulira. Chomwe mukufuna inu ndi kusuntha kwa kadonthoko pakati pa nyenyezi zinzake.

Mawa lake nthawi yomweyo jambulaninso, pa tsamba lina. Pakatha sabata sonkhanitsani madontho onse pa mapu amodzi n'kuwalumikiza. Mzere umenewo ndi njira yake mmene ikuonekera kuchokera pabwalo panu. Ikakhala kutali kwambiri mungafunike masiku awiri kapena atatu kuti muone kusintha, ndipo nthawi zina idzaima n'kuyamba kubwerera m'mbuyo. Si kuti yasintha njira. Ifeyo tikuyendanso, makilomita pafupifupi 30 pa sekondi kuzungulira dzuwa, ndipo kwa chinthu chakutali gawo lalikulu la kusuntha komwe timaona limachokera kwa ife.

Mchira ukaoneka, ujambuleni ndi kuuyeza m'madigiri. Nthawi zonse umaloza kumbali yosiyana ndi dzuwa, osati kumbuyo kwa komwe nyenyezi ikupita, mwakuti pobwerera mchira ndiwo umatsogola. Michira imakhala iwiri: wa fumbi, wotambalala ndi wokhota, ndi wa mpweya, woongoka ndi wowonda. Foni nthawi zina imaugwira maso asanauone. Itsamiritseni pa njerwa, ikani pa kujambula kwa usiku kwa masekondi 10, ndipo gwiritsani ntchito taimala kuti musaigwedeze.

Chachisanu ndi chiwiri, yezani kuwala

Ili ndilo gawo lomwe maso a munthu wamba amapindulitsa kwambiri, chifukwa njira ya nyenyezi ya mchira akatswiri amaiwerengera molondola, koma kuwala kwake kumawadabwitsa kawirikawiri. Mu Okutobala 2007, 17P/Holmes inachoka pa magnitude 17 kufika pafupifupi 3 m'masiku osakwana awiri, n'kuyamba kuoneka ndi maso. ISON, yomwe anthu ankaiyembekezera kwambiri, inasweka itafika pafupi ndi dzuwa mu Novembala 2013. C/2024 G3 inawala mu Januwale 2025, kenaka mutu wake unaphwasuka n'kutsala mchira wokha. Palibe pulogalamu yomwe inanena zimenezi zisanachitike.

Muyeso wake umayenda chonchi. Kusiyana kwa magnitude imodzi ndi kuwala kowirikiza pafupifupi kawiri ndi theka, ndipo kusiyana kwa 5 ndi kuwirikiza ka 100. Sirius, yowala kuposa nyenyezi zonse za usiku, ili pa −1.5. Nthanda imafika cha pa −4. Kumdima wa kumudzi maso abwino amafika pa 6. Koma nyenyezi ya mchira ya magnitude 6 imavuta kuposa nyenyezi wamba ya 6, popeza kuwala kwake n'komwazika.

Zinthu ziwiri zimayendetsa kuwalako, r ndi delta zija. Mtunda wake kwa ife ukachepa ndi theka, imawala kanayi. Mtunda wake kudzuwa ukachepa ndi theka, nyenyezi zambiri zimawala mwina ka 16, chifukwa kuwonjezera pa kulandira kuwala kochuluka zimatulutsanso fumbi ndi mpweya wambiri. Choncho kuyandikira dzuwa n'kofunika kuposa kuyandikira ife.

Poyeza, sankhani pa Stellarium nyenyezi ziwiri zapafupi, zokwera mofanana ndi yanuyo, imodzi yowala kuiposa, ina yofowoka kuiposa. Lembani magnitude yake iliyonse. Pewani zofiira ndi zomwe kuwala kwake kumasinthasintha. Yang'anitsitsani nyenyezi ya mchira bayinokula ili yolunjika bwino, musunge m'mutu kukula kwa kadonthoko ndi kutuwa kwake. Kenaka potozani kagudumu ka pakati kuti zinthu zisaoneke bwino, mpaka nyenyezi ziwiri zija zifufume kufika pa kukula komweko. Tsopano fananizani. Tinene kuti yowala ndi 6.0, yofowoka ndi 7.0. Gawani mpatawo m'magawo khumi m'maganizo mwanu. Ngati yanuyo yatsika magawo atatu kuchokera pa yowala ija, lembani 6.3. Njira imeneyi imadziwika ndi dzina la Sidgwick, ndipo ndi yoyenera nyenyezi yomwazika. Ikakhala ndi mutu wolimba wowala pakati, fufumitsani zonse pamodzi, iyo ndi zofananizira zomwe, mpaka zifanane kukula. Imeneyo ndi ya Bobrovnikoff.

Chitani katatu, mupume pakati, n'kutenga nambala ya pakati. Langizo langa lalikulu ndi lakuti musayang'ane nambala yomwe pa intaneti akuyembekezera musanayeze. Maso amatsatira zomwe mutu wauzidwa. Mukapeza 7.4 pomwe iwo akuti 6.8, lembani 7.4 yomweyo. Mwina utsi wakuchepetserani, mwinanso nyenyeziyo yayambadi kuzirala ndipo ndinu mmodzi mwa oyamba kuziona.

Onjezani zinthu ziwiri. Kukula kwa mutu muyeze poufananiza ndi mpata wa pakati pa nyenyezi ziwiri zomwe Stellarium ingakuuzeni kutalikirana kwake. Kulimba kwa mutu amakupatsa nambala yochokera pa 0 mpaka 9, yomwe amailemba DC: 0 ndi yomwazika yopanda pakati powala, 9 ndi yooneka ngati nyenyezi wamba. DC ikakwera mwadzidzidzi pamodzi ndi kuwala, ndiye kuti yaphulitsa fumbi latsopano. Mutu ukayamba kutalika n'kutaya pakati pake powala, kawirikawiri ndiye kuti ukusweka.

Chomaliza, lembani bwino ndi kutumiza

Usiku uliwonse ukhale ndi mzere wake: tsiku, nthawi ya kuno ndi ya UT, malo, chida, magnitude, njira yomwe mwayezera, nyenyezi zofananizira, kukula kwa mutu, DC, kutalika kwa mchira ndi komwe waloza, ndiponso mmene thambo linalili, kaya kunali mwezi, utsi kapena mitambo yopyapyala. Kumapeto kwa kope jambulani girafu, masiku m'munsi, magnitude m'mbali, manambala aang'ono pamwamba. Pakatha mwezi mudzaona ngati ikukwera mogwirizana ndi kuchepa kwa r kapena ikutsalira.

Mukayeza kangapo n'kuona kuti manambala anu sakudumphadumpha, lembetsani ku COBS, nkhokwe ya malipoti a nyenyezi za mchira yomwe imayendetsedwa kuchokera ku Slovenia. Kulembetsa n'kwaulere, ndipo amalandira zoyeza ndi maso ndi bayinokula. Fananizani manambala anu ndi a anthu ena a usiku womwewo. Kusiyana kwa theka la magnitude n'kwachizolowezi, makamaka nyenyezi ikakhala yomwazika, chifukwa amene ali kumdima weniweni amaona mutu waukulu kuposa amene ali m'tauni.

Pitirizani ngakhale T itadutsa. Anthu ambiri amasiya ikayamba kuzirala, pomwe malipoti a nthawi imeneyo amafunikabe. Usiku womwe mwapita panja, malo mwawapeza bwinobwino koma kadonthoko osakaona, lembaninso. Onani nyenyezi yofowoka kwambiri yomwe mukuithabe kuiona mutaifufumitsa kufika pa kukula komwe mutuwo unali nako, tinene ya 9.0, ndipo lembani kuti nyenyezi ya mchira inali yofowoka kuposa 9.0. Lipoti lotere nalonso amalilandira.